Kukukila M'nyumba Ina Popanda Kunyamula Nsikidzi

Kumapeto kwa mwezi uliwonse, m'misewu ya Lusaka, Chipata, Kabwe ndi matauni ena mumadutsa ma Canter odzala katundu: bedi lomangidwa ndi zingwe, matilesi pamwamba, masofa, matumba a ukwa, ana atakhala pakati pa mapoto. Mabanja ambili a m'mipingo yathu amakhala m'nyumba za lendi, conco kukuka si cinthu cacilendo kwa iwo. Ena amakuka cifukwa lendi yakwela, ena atumizidwa kwina pa nchito, ndipo abusa nawonso amasinthidwa mipingo. Palinso ena amene amakuka pothawa nsikidzi, ngakhale kuti sakamba poyela. Amenewa ndiwo amakhumudwa kwambili, cifukwa pakangopita mawiki ocepa m'nyumba yatsopano, ana amayambanso kudzikanda usiku. Zimakhala kuti nsikidzi zinakwela nawo motoka imodzimodzi.

Tsiku lokuka ndi mpata wabwino koposa wothetsela vutoli, popeza ndi nthawi yokhayo pamene cinthu ciliconse ca m'nyumba cimagwidwa ndi manja, kutulutsidwa panja ndi kuonedwa poyela. Koma nchito yake imayamba tsikulo likali kutali.

Dziwani kacilombo kamene mulimbana nako

Nsikidzi yaikulu imatalika mamilimita 5 mpaka 7, monga njele ya apulo. Ndi yofiilila, ndipo ikakhala ndi njala imaphwatalala moti imalowa mumng'alu uliwonse umene khadi ya kubanki ingalowemo. Ilibe mapiko ouluka nawo ndipo sidumpha monga utitili. Imangoyenda, kapena kunyamulidwa ndi anthu. Mitundu iwili ndiyo imavutitsa anthu: Cimex lectularius, yofala kumaiko ozizila, ndi Cimex hemipterus, yofala kumaiko otentha. Kwa munthu amene alumidwa palibe kusiyana, ndipo njila zoziphela ndi zimodzimodzi.

Cakudya cake ndi magazi cabe. Imatuluka kwambili usiku, potsatila mpweya umene timapuma ndi kufunda kwa thupi. Imayamwa kwa mphindi zosapitilila 10, kenako imabwelela kobisala. Yaikazi imaikila mazila 1 mpaka 5 patsiku, ndipo pa umoyo wake wonse angakwane mahandiledi. Mazilawo ndi oyela, aatali milimita imodzi cabe, ndipo amamatilila zolimba pa thabwa kapena pa nsalu moti kukuntha sikuwagwetsa. Amaswa pakapita masiku 6 mpaka 10. Twana twake tumafundula khungu kasanu tusanakule, ndipo tumafunika kuyamwa magazi tusanafundule ulendo uliwonse. M'nyengo yotentha, dzila limafika pokhala nsikidzi yobeleka m'mawiki 5 kapena kuposelapo pang'ono.

Pa zonsezi, gwilani mfundo ziwili. Yoyamba, nsikidzi imodzi yaikazi yokhala ndi mazila ndi yokwana kuyambitsa mudzi wonse m'nyumba yatsopano. Yaciwili, nsikidzi zimakhala miyezi ingapo osadya, ndipo kumalo ozizila zingafike pafupi caka. Conco kusiya sutukesi m'stolo kwa mwezi umodzi sikuzipha, ndipo nyumba imene yakhala yopanda anthu kwa miyezi iwili ingakhale nazo ndithu.

Madokotala sanapeze kuti nsikidzi zimapatsila anthu matenda monga mmene udzudzu umapatsila malungo. Komabe zimasowetsa tulo, zilonda zokanda zimatukusila, ndipo pamene zaculuka kwambili zingacepetse magazi mwa ana aang'ono ndi okalamba. Cinanso, sizisankha nyumba yauve kapena yaukhondo. Mu 2023 mzinda wa Paris unali pa nkhani padziko lonse cifukwa ca nsikidzi, kutatsala miyezi yocepa kuti kucitike masewela a Olympics. Manyazi ndiwo amacititsa mabanja kubisa vutoli mpaka litakula.

Kufufuza m'nyumba imene mucokamo

Yambani kukali mawiki atatu kapena anayi. Musadalile zotupa pakhungu kuti ndizo zikuuzeni. Anthu ena satupa ngakhale alumidwe usiku uliwonse, ena amatupa patapita masiku, ndipo zotupazo zimafanana ndi za udzudzu. Mwamuna ndi mkazi ogona bedi limodzi angatsutsane mwezi wathunthu, wina akuti zilimo, wina akuti mulibe.

Tengani tochi ya pa foni ndi khadi yakale. Vulani zofunda zonse, yang'anani misoko ya matilesi, pansi pa kansalu kolembapo dzina la fakitale, ndi m'mabowo a siponji ngati nsalu inang'ambika. Ndiyeno citani zimene ambili amazemba: masulani bedi. Nsikidzi zambili zimakhala m'malumikizo a matabwa, m'mabowo a masikuluu, pansi pa matabwa ogonekapo matilesi, ndi kuseli kwa thabwa la kumutu. Pitilizani ndi masofa (atembenuzeni, muone pansi pomwe nsalu inakhomedwa), madilowa, wadilopu, mapindilo a makatani, kuseli kwa mafelemu a zithunzi ndi makalenda, m'ming'alu ya pulasitala, ndi m'mphepete mwa masokethi. Mphasa ndi mipando ya nsungwi kapena ya mlaza ndi malo amene zimakonda kwambili. Neti nayonso muiyang'ane m'makona a pamwamba pomangila zingwe.

Cimene mufuna-funa ndi tumadontho twakuda monga twa bolopeni, tumene ndi zitosi zake. Mukatupukuta ndi nsalu yonyowa tumafalikila. Mungaonenso tumakoko tofundula totuwa, mazila oyela okhala pagulu, ndi madontho a magazi pa shiti. Pamene zaculuka, cipinda cimakhala ndi kafungo kake kodziwika bwino kwa aliyense amene anapwanyapo nsikidzi ndi cala.

Ngati simunapeze kalikonse, longani katundu mwa nthawi zonse, koma muwelenge mbali yokamba za motoka ndi nyumba yatsopano. Ngati mwapeza ngakhale cizindikilo cimodzi, tengani kuti katundu yense wa m'cipinda cimeneco ali nazo mpaka mutamuyeletsa.

Zovala ndi zofunda

Kutentha ndiye mankhwala odalilika. Nsikidzi zaphunzila kupilila mankhwala ambili ogula m'mashopu, koma madzi otentha sizingawazolowele. Ofufuza anapeza kuti pa madigili 45 zazikulu zimafa pakapita ola limodzi ndi hafu, pamene mazila amapilila mpaka maola 7. Kucapa pa madigili 60 kumapha zonse pamodzi ndi mazila. Madzi ofunda cabe, a madigili 40, amapha zazikulu koma amasiya mazila ambili amoyo. Kuviika zovala m'madzi ozizila usiku ndi usana wonse nakonso kumasiya mazila.

Ambili a ife tilibe makina ocapila, ndipo safunika. Ikani zovala m'bafa yaikulu, thilani ndowa ziwili za madzi owila pa ndowa imodzi ya madzi ozizila, kanikizani zovala ndi mtengo kuti zonse zimile, vindikilani, ndi kuzisiya kwa mphindi 30 musanayambe kucapa. Musadzaze kwambili bafa, cifukwa zovala zambili zimaziziletsa madzi mwamsanga, ndipo mabulangeti aakulu afunika kuviikidwa limodzi-limodzi. Ana akhale kutali. Zovala zimene zingafupike kapena kuculuka utoto ndi madzi otentha, monga masuti, majuzi ndi mayunifomu ena a zigwilizano ndi makwaya, muzichise ndi nsimbi mbali zonse ziwili, mocedwa, maka-maka m'misoko, m'makola ndi m'matumba. Tinazolowela kale kuchisa zovala zoyanika panja poopa mphutsi. Apa nchito ndi imodzimodzi, kungoti ifuna kuleza mtima.

Colakwa cofala cimacitika pambuyo pake. Munthu amacapa bwino-bwino, kenako n'kubweza zovalazo mu wadilopu yomweyo kapena kuziunjika pa bedi lomwelo. Zovala zikangouma ndi kuchisidwa, zilowe m'thumba la pulasitiki latsopano, limangidwe zolimba, lilembedwe cizindikilo, ndipo lisatsegulidwenso kufikila m'nyumba yatsopano. Siyani panja zovala zocepa zovala masiku otsalawo; zimenezo mudzaziviika pothela. Thumba limene munanyamulila zovala zakuda lisasewenzetsedwenso ponyamula zoyela. Matumba a ukwa ndi masaka a unga akale ali ndi misoko ndi tumipata tambili-mbili, conco aviikeni m'madzi owila coyamba, kapena ikani pulasitiki mkati mwake. Makatoni otola kuseli kwa mashopu amabisa nsikidzi ndi mphemvu m'mipata ya mapepala ake. Ngati mwawasewenzetsa, asagone m'cipinda cogona, ndipo muwataye mukangofika.

Bedi, matilesi ndi masofa

Apa ndi pamene nkhondo imapambanidwa kapena kuluzidwa. Bedi la citsulo ndi losavuta: litulutseni panja, limasuleni, thilani madzi owila a m'ketulo m'malumikizo onse ndi m'mapaipi obowoka, kenako tsekani mabowowo. Bedi la matabwa enieni, monga la mukwa, nalonso limapilila madzi owila. Kwechani ming'alu ndi bulasho yolimba kuti mazila amatuke, thilani madzi, yanikani, ndipo likauma matani ming'alu ndi kupaka vanishi. Bwelezani pakapita masiku 10, cifukwa pamakhala dzila limene madzi sanalifikile. Mipando ndi mabedi a matabwa a fakitale opangidwa ndi utuci wopanikiza amafufuma akanyowa, conco amenewo muwapukute ndi kuwakwecha cabe, ndi kumata malumikizo.

Nanga kuyanika matilesi padzuwa? Makolo athu anali kucita zimenezi, ndipo zimacepetsako nsikidzi, koma sizizitha. Mu 2006 ofufuza a ku Australia anakulunga matilesi m'mapulasitiki akuda ndi kuwaika padzuwa tsiku lotentha. Pamwamba panatentha mpaka madigili 85, koma pansi pa matilesi ocindikala sipanapitilile madigili 35. Siponji imasunga kuzizila, ndipo nsikidzi zimangosamukila kumene kuli mthunzi. Dzuwa la October, maka-maka ku cigwa ca Luangwa kapena ku Siavonga, lingathandize pa tunthu tung'ono monga nsapato ndi zikwama za ana, ngati mwatuika tocepa m'thumba lakuda lomanga, pa lata kapena pa simenti, tsiku lonse, mukumatembenuza. M'miyezi ya June ndi July musataye nthawi yanu.

Matilesi amene nsalu yake ikali yathunthu angapulumutsidwe. Kwechani misoko yonse panja, yendetsani nsimbi yotentha pang'ono-pang'ono m'misokomo mutayala kansalu konyowa kuti nthunzi ilowe, ndipo akauma muwavale cikuto cotseka mbali zonse. Pali zikuto za zipi zopangidwila nchito imeneyi, koma telala angakusokeleni ca nsalu yothinana kwambili, kapena mungasewenzetse pulasitiki yocindikala yomata ndi tepi. Zotsalila mkati zimafa ndi njala, malinga cikutoco cikhale cosang'ambika kwa caka cathunthu. Khanda lisagonekedwe pa pulasitiki yopanda nsalu yokungika bwino pamwamba, cifukwa lingabanike.

Matilesi ong'ambika, amene siponji yake ili ndi mabowo odzala madontho akuda, ndi bwino kuwataya. Cimodzimodzi mphasa yakale ndi sofa imene nsikidzi zinalowa mkati mwa matabwa ake. Zimawawa, cifukwa matilesi atsopano si ndalama yocepa, koma ganizilani ndalama zimene mudzawononga pa mankhwala mwezi ndi mwezi m'nyumba yatsopano. Sofa yabwino ingapelekedwe kwa okonza mipando kuti aivule nsalu yonse ndi siponji, matabwa athilidwe madzi owila, ndiyeno aikute mwatsopano. Muwauze zoona kuti ili ndi nsikidzi kuti asaiike pamodzi ndi za anthu ena.

Potaya, kulungani cinthuco cikali m'cipinda kuti nsikidzi zisagwele m'njila, ndipo mucing'ambe ndi mpeni kuti wina asacitole. Musapatse wacibale, wanchito wa pa nyumba, kapena kucipeleka ku zopeleka zothandiza amasiye ndi okalamba. Amene alandila alibe ndalama zogulila mankhwala, ndipo adzavutika kuposa inu.

Tunthu tumene situngacapidwe

Mabuku, Baibo, mabuku a nyimbo, mafaelo a masatifiketi, wailesi, TV ndi mafani amene anali pafupi ndi bedi angakhale nazo. Mabuku muwakunthe limodzi-limodzi pa nsalu yoyela panja, ndi kuyang'ana kumsana kwa buku kumene kuli mpata pakati pa cikuto ndi mapepala. Kuzizila nakonso kumapha, koma kufunika kufika madigili 18 pansi pa zilo kwa masiku 4 osadukiza. Kabokosi ka ayezi ka m'filiji wamba nthawi zambili sikafika pamenepo, ndipo ngati malaiti azima-zima kwanuko, njilayi ndi yosadalilika ngakhale muli ndi dipu filiza. Zamagetsi musaziike m'filiza kapena kuzithila mankhwala mkati. Ziyang'aneni m'mabowo opitila mpweya, zipukuteni, ndipo m'nyumba yatsopano zikhale kutali ndi pogona kwa miyezi iwili yoyamba. Cinthu cimene mwacikayikila koma simucifuna msanga, citsekeleni m'pulasitiki yomata bwino, lembanipo deti, ndi kucisiya caka.

Za mankhwala, ndi zimene zapha anthu

Kupopela kamodzi madzulo a tsiku lokuka sikuthandiza. Mankhwala ambili sapha mazila, conco pafunika kupopelanso pakapita masiku 10 mpaka 14 kuti twana tumene twaswa tufe tusanakule. Ici ndiye cifukwa cake tanena kuti muyambe kukali mawiki atatu kapena anayi. Mankhwala a m'zitini opopela udzudzu ndi mphemvu amapha cabe nsikidzi imene aigwela pathupi. Zotsala zimabalalika ndi kukabisala m'katundu amene poyamba analibe. Kupilila mankhwala si nkhani yatsopano. Nsikidzi zinayamba kupilila DDT kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo mu 2002 ofufuza ku Tanzania analengeza kuti zina zinali zitayamba kupilila mankhwala a mtundu umene umaikidwa m'maneti. Conco musadabwe kuona nsikidzi zikuyenda pa neti ya mankhwala, ndipo musayembekezele kuti kupopela nyumba kwa a zaumoyo, kumene colinga cake ndi udzudzu wa malungo, kudzakuthetselani nsikidzi.

Ngati mwaitana wopopela, mufunseni laisensi. M'dziko lathu bungwe la ZEMA ndilo limayang'anila mankhwala ophela tuzilombo ndi kupeleka zilolezo, potsatila lamulo la Environmental Management Act la 2011. Akuonetseni botolo lokhala ndi cizindikilo cake colembedwa, akuuzeni maola amene mufunika kukhala panja, ndipo mupangane za ulendo waciwili musanalipile. Munthu woyenda ndi mankhwala osalembedwa m'botolo la dilinki, amene akulonjezani kuti zonse zidzatha lelo, mubwezeni pa geti.

Pali zinthu zimene simufunika kuyesa olo pang'ono. Palafini, petulo ndi spiliti zothila pa bedi zatenthetsa nyumba zambili. Kandulo imodzi ndi yokwana. Mbaula yoyaka m'cipinda cotseka siingatenthe cipinda kufika popha nsikidzi, koma utsi wake wosaoneka umapha anthu. Mankhwala a thonje, a ndiwo za kudimba ndi a dipu ya ng'ombe sanapangidwile pogona munthu. Amalowa pakhungu, ndipo ana ndiwo amayamba kudwala.

Oopsa koposa ndi mapilisi ofukizila cimanga m'mashedi, a aluminium phosphide. Akakhudzana ndi cinyezi ca mumpweya amatulutsa gasi ya phosphine, imene ilibe mankhwala oisukulutsa m'thupi. Mu 2015 ku Fort McMurray m'dziko la Canada, ana awili a banja limodzi anamwalila makolo ataika mankhwalawa m'fulati kuti aphe nsikidzi. Mu December 2021 ku London, mtsikana wamng'ono anamwalila m'fulati ya makolo ake cifukwa ca mapilisi amene munthu wa m'fulati ina anaika kwake n'kucokapo. Ganizilani za midadada ya m'makomboni athu, mmene zipupa zambili sizifika ku malata. Munthu wokuka angaganize kuti acita bwino kuika mapilisi m'cipinda copanda anthu ndi kukhoma citseko, osadziwa kuti gasi ikupita kwa ana a mnansi wake ogona kuseli kwa cipupa. Ngati wina wayamba kusanza, kumva mutu, kutuluka dovu kapena kubanika pambuyo popopela mankhwala aliwonse, mutulutseni panja, muvuleni zovala zokhudzidwa, ndi kuthamangila naye ku cipatala mutanyamula botolo kapena pepala la mankhwalawo. Musamusanzitse kapena kumumwetsa mkaka.

Nyumba imene mulowamo

Mungayeletse katundu wanu yense n'kukapeza nsikidzi zikukuyembekezani. Pitani mukaone nyumbayo masana musanalipile dipoziti, ndi tochi m'manja. M'nyumba yopanda katundu, yang'anani m'ming'alu ya zipupa za zipinda zogona pa msinkhu wa bedi, m'mabowo a misomali, m'mafelemu a zitseko ndi mawindo, m'mawadilopu omangilila ku cipupa, m'mphepete mwa siling'i, ndi kuzungulila masokethi ndi maswichi. Mizele yofiila yakuda pa cipupa imaonetsa pamene wina anali kuzipwanya ndi cala. Penti yatsopano imabisa zizindikilo zimenezi, conco nyumba yonunkhila penti muiyang'anitsitse kwambili m'malo amene bulasho sinafike. Ngati ndi nyumba yokhala ndi mipando kale, kapena cipinda ca ophunzila cokhala ndi bedi ndi matilesi, fufuzani monga mmene munacitila kwanu.

Funsani eni nyumba mosapita m'mbali, koma mwaulemu, ngati amene anacokamo anadandaulapo za nsikidzi. Anansi kawili-kawili amakamba zoona kuposa ma ejenti. Mukapeza zizindikilo, jambulani ndi foni, ndipo mugwilizane molemba kuti ndani adzalipila wopopela ndi kuti adzabwela kangati. M'mafulati ndi m'midadada nsikidzi zimadutsa m'ming'alu, m'mapaipi a mawaya ndi pamwamba pa zipupa, moti kupopela khomo limodzi n'kusiya ena kumangozipitikitsila kwa mnansi, ndipo pakapita mwezi zimabwelela. Eni nyumba akakana kucitapo kanthu pa nyumba yodzala tuzilombo, a zaumoyo ku khonsolo angafunsidwe kuti adzaione.

Ngati n'kotheka, tengani makiyi kukali masiku angapo. Nyumba yopanda katundu imayeletseka mosavuta: sesani, kolopani ndi madzi otentha, matani ming'alu yonse ndi simenti kapena fila, ndipo ngati pafunika kupopela, kucitike katundu asanalowe. Eni nyumba imene mucokamo nawonso muwauze ngati munali nsikidzi, kuti banja lolowamo lisagwe m'vuto losalidziwa.

Tsiku lokuka

Motoka yonyamula katundu imanyamula mabedi a mabanja angapo pa wiki, ndipo kumapeto kwa mwezi ingacite maulendo awili kapena atatu tsiku limodzi. Isesedwe musanakwezemo kanthu, ndipo yalani pulasitiki kapena tenti yanu. Mabulangeti ndi masiponji akale amene oyendetsa amasunga otetezela mipando muwakane mwaulemu. Sewenzetsani zitenje zanu zocapa. Cinthu ciliconse cimene simunathe kuciyeletsa cikwele cili cokulungidwa, ndipo cisagundane ndi matumba a zovala zoyela.

Acinyamata a mumpingo ndi anansi amene abwela kudzathandiza kunyamula muwauze ngati m'nyumba munali nsikidzi, kuti akafika kwawo akavule zovala ndi kuziviika m'madzi otentha. Inunso mucite cimodzimodzi musanakhale pa bedi kapena pa sofa m'nyumba yatsopano, ndipo nsapato muzikunthe panja.

Mukafika, tsitsilani katundu pabwalo kapena pa khonde, osati kuthamangitsila zonse mkati. Mipando, madilowa ndi zigawo za bedi ziyang'anidwenso kamodzi poyela zisanalowe. Kumatenga ola limodzi kapena awili, ndipo oyendetsa motoka adzadandaula kuti acedwa. Atsitse apite, inu mulowetse pang'ono-pang'ono. M'nyengo ya mvula, sankhani cipinda cimodzi cimene simudzagonamo kuti cikhale cofufuzilamo.

Miyezi iwili yoyamba

Ikani bedi motalikilana ndi cipupa, mpata wokwana dzanja lotambasula, ndipo zofunda zisalendewele mpaka pansi. Mwendo uliwonse wa bedi ukhale m'kabakuli kosalala mkati, kothila paudala wa ana pang'ono. Nsikidzi zimagwelamo ndi kulephela kukwela, ndipo inu mudzadziwa ngati zilimo. Ena amaika mwendo m'kacitini kouma, kacitiniko n'kukaika m'mbale ya madzi a sopo kuti thabwa lisaole. Pansi pa bedi pasakhale masutukesi ndi makatoni. Ogona pansi asendeze matilesi kucoka ku cipupa ndi kuwaimika m'mawa uliwonse kuti aone pansi pake. Yalani mashiti oyela kapena owala, cifukwa amaonetsa madontho msanga.

Neti musaleke kugonamo cifukwa ca nsikidzi. Nsikidzi zimasowetsa tulo, koma malungo amapha. Neti ya mankhwala siifuna madzi owila kapena dzuwa, cifukwa zimawononga mankhwala ake. Icapeni ndi madzi ozizila ndi sopo wamba, iyanikeni pamthunzi, ndipo m'makona ndi m'misoko mucotse nsikidzi ndi mazila ndi manja kapena ndi tepi yomata. Ngati yadzala kwambili, pezani ina. Poimanga, ipiseni pansi pa matilesi, isakhudze cipupa kapena pansi.

Kamodzi pa wiki, yang'anani misoko ya matilesi, malumikizo a bedi ndi tumabakuli twa ku miyendo. Mukapeza imodzi, musathawile ku cipinda cina kapena kukagona pa sofa, cifukwa zidzakutsatilani ndipo mudzakhala ndi zipinda ziwili zoyeletsa m'malo mwa cimodzi. Masulani bedi tsiku lomwelo, thilani madzi owila, viikani zofunda, ndi kubweleza pakapita masiku 10. Mukakwanitsa mawiki 8 osaona nsikidzi, dontho latsopano kapena kulumidwa, mungakhulupilile kuti simunabwele nazo.

Zikatelo, khomo lotsala ndi la katundu wolowa pambuyo pake. Zovala ndi mabulangeti a salaula aviikidwe m'madzi otentha asanalowe mu wadilopu, ndipo bedi kapena sofa yogula kwa munthu igone panja mpaka mutaimasula ndi kuiona. Mwana akabwela ku holide kucoka ku sukulu yogonela komweko, thilanki ndi matilesi ake zitsegulidwile pabwalo. Cimodzimodzi zofunda zimene mwabwela nazo kucoka ku malilo, ku cipatala kumene munali kudwazika, kapena ku misonkhano ya mpingo yogona masiku angapo, kumene anthu ambili amayala pamodzi m'makalasi: zicoke m'thumba n'kulowa m'bafa ya madzi otentha, ndipo thumbalo likunthidwe ndi kuyang'anidwa m'misoko lisanaikidwe m'cipinda.